Kutsika ku Nyika: mmene mungasamukire mutakhalako zaka zambiri

Amene mukugwira ntchito kumtunda ku paki ya Nyika, kaya ndinu a gemu, amakaniko, ozimitsa moto kapena ophika ku kampu ya Chelinda, tsiku lotsika lidzakupezani. Ife a m'boma limatipeza ndi kalata yopumira pa ntchito tikamakwanitsa zaka 60. Ena limawapeza ndi transifa, ena kontirakiti ikatha. Ine ndinakwerako m'zaka za m'ma 1990 ndi chikwama chimodzi, ndinatsikako ndi mkazi, ana ndi lole yodzadza thoo. Kwathu ndi ku Salima, kwa a Khombedza. Choncho zomwe ndilembe pano ndi za munthu wochoka pamalo okwera mamita pafupifupi 2,300 kutsikira kufupi ndi nyanja, yomwe madzi ake ali pa mamita osafika 500. Wopita ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Zomba atolapo zomwe zikumukhudza.

Akuluakulu amati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Sinditsutsa. Koma munthu amene wakhala m'thengomo zaka zoposa 20 amakafika kwawo ali mlendo. Thupi lake silidziwanso kutentha, magazi ake anaiwala malungo, munda umene anausiya akulima ndi ana a alongo ake, ndipo ana ake akamakangana amakangana m'Chitumbuka. Mukavomereza zimenezi msanga, zina zonse zimayenda. Konzekerani monga munthu wopita kumalo achilendo, ndipo yambani kukadali chaka chathunthu.

Malo kaye, lole pambuyo

Ambirife timayamba ndi kufunsa mtengo wa lole. Imeneyo ndi nkhani ya kumapeto. Funso loyamba ndi lakuti katunduyo mukakamutsitsa, mukamutsitsira pa malo a yani?

Kwa ife Achewa munda umatsata kuchikazi. Kumudzi kwathu ine ndine malume, mwini mbumba. Pa maliro ndi pa chinkhoswe amandisungira mpando, koma dothi ndi la alongo anga ndi ana awo. Mayi a kunyumba kwanga ndi Mtumbuka wa ku Hewe, ndipo ndinapereka malowolo monga mwa mwambo wa kwawo. Kumeneko munda umatsata kuchimuna, ndi wa alongo awo ndi ana a alongo awowo. Tsono taonani pomwe ana athu aima. Kwathu amati ana ndi a kwa mayi awo. Kwa mayi awo amati ana ndi a kwa bambo awo. Mbali zonse ziwiri amawakonda, akafika amawaphera nkhuku, koma palibe mbali yomwe inawasungira ngakhale mzere umodzi wa munda. Mabanja otere kumtunda kuja alipo ambiri, poti anyamata ochokera m'chigawo chapakati ndi kummwera amakwatira komweko. Malipiro akamabwera, nyumba ya kuntchito ilipo, nkhaniyi siimveka. Imadzavumbuluka inu muli m'bokosi.

Ndiye pezani malo anuanu, ndipo mupite nokha pa tchuthi, osatuma munthu. Khalani pansi ndi alongo anu, amalume anu ngati akadalipo, ndi a mfumu. Nenani poyera kuti mukubwera, kuti simukudzalanda munda wa wina aliyense, koma mukufuna pomwe mkazi wanu ndi ana adzakhale ngakhale inu mutatsogola. Mawu amenewa amamasula anthu. Ana a alongo omwe ankakuyang'anani ndi diso la m'mbali ndi omwe amadzakuumbirani njerwa. Malire muwayende ndi mapazi pamodzi ndi a mfumu ndi eni minda yoyandikana nawo, mudzale khonje kapena mitengo m'ngodya zonse, mulembe pepala, mboni zisaine, a mfumu adinde. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere m'dzina lanu kapena m'maina a inu ndi akazi anu. Ngati kwanuko komiti ya malo inakhazikitsidwa, kalembetseni. Lembaninso wilo. Nzoona kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, koma mayi wamasiye yemwe ali yekha pakati pa abale a mwamuna wake, kwawo kuli kutali, safunika kuyambira kukhoti.

Nyumba imangidwe malipiro akadali kubwera. Ndalama za penshoni sizifika tsiku lomwe mwapereka makiyi a nyumba ya kuntchito, choncho musaziwerengere pa malata ndi simenti, ndipo musungeko za chakudya cha miyezi ingapo yoyamba. Pomanga, mangani nyumba ya ku Salima, osati ya ku Nyika. Kumtunda tinazolowera nyumba yotsekeka, timawindo tating'ono, moto m'kati. Kunyanja mukufunika mawindo akuluakulu oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, denga lokwera, khonde lotakata, waya wotchinga udzudzu, ndi mtengo wa mthunzi chakumadzulo kwa nyumba. Mtengowo, kaya ndi mango kaya ndi nimu, udzalidwe chaka chomwecho chomwe mwapeza malowo, kuti pomwe mukufika ukhale utagwira kale.

Mwezi amasankha ndi msewu

Kuchoka ku Chelinda kufika pa geti ya Thazima ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo kuchoka pamenepo kudzera ku Bolero mpaka ku Rumphi ndi ena oposa 50. Mbali yaikulu ya msewuwo ndi wadothi. Mvula ikakhazikika mu December mpaka April, dothi lofiira lija limaterera moti ngakhale galimoto zokoka ndi mawilo onse zimavina. Lole yolemedwa ndi mabedi ndi matumba musaiyeserepo. Kumpoto mvula imachedwanso kutha, choncho musanamizidwe ndi abale a ku Salima akamakuimbirani kuti kwauma.

October ndi November msewu ndi wouma, koma mukakafika kunyanja kutentha kuli pachimake, anzanu atatha kale kugalauza, inu mukuyamba kumene kufunsa pogula khasu.

Ine ndimalangiza kumapeto kwa July kapena August. Sukulu zimakhala zitatseka ndipo zimatsegulira mu September, ana amakayamba chaka chatsopano pamodzi ndi anzawo. Kunyanja kumakhala kukuomba mwera, usiku kumazizirako, ndipo thupi limapeza miyezi iwiri yozolowera dzuwa la October lisanafike. Mumapezanso nthawi yokonza munda ndi yokaonekera kwa a mfumu maina a fetereza wotsika mtengo asanalembedwe. Kumbukirani njovu 34 zija anabweretsa kuchokera ku Liwonde mu 2017: sanangozitsitsa n'kuziuza kuti Nyika ndi iyi. Anayamba azisunga m'dera lotchingidwa ndi mpanda kuti zizolowere. Inu mukuyenda ulendo womwewo chobwerera, ndipo August ndiye mpanda wanu.

Choipa chake n'chakuti mudzapakira katundu m'chisanu, m'mawa udzu uli mbuu, zala zitauma, ndipo anzanu ambiri adzakhala ali kotentha tchire ndi kulondera moto. Pemphani manja okuthandizani kukadali sabata zingapo. Mwana wa Sitandade 8 kapena Folomu 4 asasunthidwe pakati pa chaka. Alembe mayeso komwe analembetsa, ngakhale zitatanthauza kuti atsale kwa azakhali ake.

Mapepala

Apa sindichedwapo, koma musapeputse. Kalata yomwe anakulemberani ntchito, yokukhazikitsani, zokukwezani, chiphaso cha unzika, mapepala a kubanki, zonse zifufuzeni lero. Chinyezi cha ku Chelinda chimadya mapepala. Envelopu yomwe yagona pansi pa sutikesi zaka 15 mukhoza kuipeza itachita nkhungu, inki itafufutika, makoswe atadyako ngodya. Chitani mafotokope ku Rumphi kapena ku Mzuzu, jambulaninso pa foni. Katundu wa kuntchito, mfuti, zipolopolo, yunifomu, wailesi, GPS, tenti, bwezani chimodzichimodzi wolandira akusaina, ndipo pepala lanu lisungidwe m'thumba la malaya, osati m'katoni. Tengani mabuku a kuchipatala a aliyense, makalata a transifa a ana, ndi kalata ya kumpingo. Ngongole za pa golosale ndi za kubanki m'khonde zithe musanakweze mpando ndi umodzi womwe. Ngati muli ndi mbuzi kapena ng'ombe kwa apongozi, gulitsani mukagule zina kwanu. Kuyenda nazo kumafuna chilolezo cha a zaziweto, ndipo ulendowo ndi wautali.

Zomwe sizikwera lole

Munthu aliyense amene wakhalitsa kumtunda ali ndi kanthu kena m'nyumba komwe anatola kutchire. Kwa ine inali nyanga ya chilembwe, yopindikira kumbuyo, yomwe ndinaipeza m'lupsa chakufupi ndi dziwe la Kaulime, mwini wake atadyedwa kale ndi afisi. Inakhala pamwamba pa chitseko mpaka inada ndi utsi, ana ankapachikapo malegeni awo. Wina ali ndi chikopa cha mphoyo pansi pa tebulo, wina dzino la njiri pa makiyi, wina minga za nungu m'botolo. Zonsezi kaperekeni ku ofesi musananyamuke. Lamulo la malo osungirako nyama zakutchire la 1992 silisiyanitsa chomwe mwapha ndi chomwe mwatola. Popanda chilolezo, ndi za boma. Mu 2017 analikhwimitsa, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu chilango chimafika zaka 30. Wapolisi wa pa rodibuloko ya kunyanja sadziwa kuti munagwira ntchito ya gemu moyo wanu wonse. Akadziwa, ndiye zikuipirani kwambiri.

Maluwa nawonso asiyeni. Nyika ili ndi mitundu yoposa 200 ya maluwa aja a m'gulu la chinaka omwe amaphuka m'dzinja, ndipo mayi aliyense amene wakhalako amalakalaka atakumbako awiri akadzale pakhomo. Kukumba ndi mlandu womwewo umene takhala tikugwirira anthu ozembetsa chinakacho (ena amati chikanda) kupita ku Zambia, komanso maluwawo ku Salima sangathe sabata. N'chimodzimodzi mapale ndi zotsalira za chitsulo za pa ng'anjo zakale za Aphoka, kapena timiyala ta kuphanga la Fingira. Si zanu, si zanga.

Mipando ndi mabedi a paini muganizirepo kawiri. Paini ya ku Chelinda, yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, yatipatsa nkhuni ndi matabwa, koma ndi mtengo wofewa ndipo chiswe cha kunyanja chimaukonda. Chomwe mukuchikondadi tengani, mukachipake mankhwala ndipo chisakhudze dothi. Matabwa osapala akhale ndi risiti ndi chilolezo cha a zankhalango. Mabulangete, majuzi, zipewa zaubweya ndi majombo, sungani zochepa za mu June ndi za maliro a usiku, zotsalazo patsani anyamata obwera kumene omwe akugona akunjenjemera. Mbewu ya mbatatesi, nsawawa ndi nyemba za kumapiri musavutike nayo. Ku Salima n'kwa chimanga chocha msanga, mtedza, khobwe, nandolo, thonje, ndi mpunga m'madambo monga ku Lifuwu. Funsani alangizi a kwanuko kapena a kumalo ofufuzira za ulimi a Chitala.

Chotenga ndi mtima woyera chilipo: uchi wa makalabu a alimi a njuchi, khofi wa ku Phoka, nyemba zokadya, ndi zithunzi. Jambulani zinthu wamba. Nganda, phiri lalitali kuposa onse kumtunda kuja, mudzalipeza pa intaneti tsiku lililonse. Simudzapezapo khitchini yanu, mpopi womwe munkatungapo madzi, kapena nkhope ya mnzanu amene munkagona naye m'tenti imodzi.

Kusiya zomwe zili m'mutu

Ichi ndi chomwe ndimachiona chachikulu, ndipo palibe fomu yake. Zaka zonsezo mwasonkhanitsa zinthu zomwe sizili pa mapu: khwawa lomwe otchera mawaya amalowera mwezi ukakhala mdima, potsetsereka pomwe galimoto imatitimira ngakhale pamwamba pakuoneka pouma, mbali yomwe moto umadumphira mphepo ya masana ikatembenuka, pomwe nchefu zimatsikira chisanu chikakula, njira yotulukira m'nkhalango ya Chowo nkhungu ikatseka moti simukuona nsapato zanu. Kuyambira 2023, pomwe boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza, kagwiridwe ka ntchito kakusintha, ndipo achinyamata amadziwa zipangizo kuposa ife. N'zabwino. Koma kachipangizo kamakuuza pomwe waima, sikakuuza kuti udzu wopindika chonchi wapindidwa ndi phazi la munthu osati la mbidzi.

Miyezi yotsiriza ija pemphani kuti muziyenda ndi achinyamata awiri kapena atatu omwe mwaona kuti ali ndi maso. Musawaphunzitse pa bolodi. Muziwasiya atsogole, akaphonya muwaimitse, muwafunse kuti, "Achimwene, mwadutsa chiyani pamenepo?" Adikireni mpaka achione okha. Maina a malo muwapatse omwe eni dziko amatchula, chifukwa tsiku lomwe adzafunse njira kwa mdala wa ku Nthalire sadzafunsa ndi manambala. Ndipo zomwe mukudziwa za anthu omwe ankakutsinani khutu m'midzi, zisiyeni kwa munthu mmodzi yekha wodalirika, pakamwa, osalemba. Miyoyo ya anthuwo ili m'manja mwanu ngakhale mutachoka.

Kutsanzika

Phwando la kuntchito lidzachitika lokha, musadandaule nalo. Kutsanzika kofunika ndi kwa m'midzi yozungulira paki. Pitani kwa mafumu omwe munkagwira nawo ntchito, mutanyamula shuga kapena nkhuku, mukhale pansi, munene kuti, "Adada, nthawi yanga yakwana, ndabwera kudzatsanzika." Pitani kwa apongozi, ndipo kumeneko musapite ngati odutsa. Mukuwatengera mwana wawo kutali, komwe maliro akachitika adzafika atayika kale. Mugoneko, mumve zomwe akufuna kunena, mulonjeze zokhazo zomwe mudzakwanitse.

Pali ena omwe munawagwirapo, ena anakakhala kundende chifukwa cha umboni wanu. Simukuyenera kupepesa chifukwa cha ntchito, koma mukakumana nawo pa msika wa Bolero apatseni moni, auzeni kuti mukupita. Ukayenda siya phazi, mlomo umatsata. Akazi anu ndi ana adzabwererabe kudera limenelo kukaona abale.

Chinthu chimodzi musachite: musakalire pamaso pa madala a m'midzi imeneyo kuti mukusiya Nyika. Paki inakhazikitsidwa mu 1965, yoyamba m'Malawi muno, ndipo mu 1978 anaikuza mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Pokuzapo mabanja ambiri anasamutsidwa. Ena mwa madala omwe mukuwatsanzikawo anabadwira m'katimo, manda a makolo awo ali m'katimo, ndipo kuti akaone pomwe panali mudzi wawo amayenera kupempha kwa anthu ngati ife. Inu mukuchoka mukudziwa tsiku, ndi penshoni, ndi lole yomwe mwasankha nokha. Chisoni chanu n'chenicheni, koma pamenepo khalani womvetsera. Akafuna kukuuzani za Nyika yomwe inu simunaione, ya minda ya mawere ndi ng'anjo zofuka utsi, mudzamva zomwe simunamve zaka zonse munali mu yunifomu.

Malo omwe mumawakonda kayendereni mwakachetechete masabata otsiriza, limodzi lero, lina sabata yamawa, osati onse tsiku lomaliza muli ndi makatoni m'mutu. Tengani ana. Ambiri mwa ana athu anakulira ku Chelinda koma sanaimepo pa thanthwe la Jalawe kapena kuona mathithi a Chisanga, chifukwa kwa ife kumeneko kunali kuntchito.

Tsiku la lole

Lole ipezeni msanga. Miyezi imeneyo eni malole a ku Rumphi amakhala akutuma fodya ku okushoni ya ku Mzuzu, ndipo wopempha mochedwa amalipira mtengo wa mwini. Njira yotsikirako mtengo ndi kugwirizana ndi lole yomwe ikukwera ndi katundu wa kumtunda n'kumabwerera yopanda kanthu. Muioneretu ndi maso anu: matayala, sipeya, jeke, ndipo koposa zonse mabuleki, chifukwa ulendowo uli ndi malo ambiri otsetsereka. Mafuta athiridwe okwanira kukwera ndi kutsika. Musadalire kuwapeza kumtunda. Mtengo mulembe pa pepala, theka ponyamuka, theka katundu atatsika.

Pakirani dzulo lake, mufunditse lona, mumange. Fumbi la pakati pa Thazima ndi Bolero limalowa ngakhale m'poto wovundikira, choncho zovala ndi zogonera zikhale m'mapulasitiki. Nyamukani m'bandakucha. Pa geti asecheni ndithu, musawaonetse nkhope yoti "simukundidziwa kodi". Ngati mukudzera njira ya kunyanja, ya Nkhata Bay, Chintheche, Dwangwa ndi Nkhotakota, funsiranitu za milatho, poti ina ndi yopapatiza ndipo ina imakhala ikukonzedwa mvula ikaononga. Kugona ku Mzuzu n'kwabwino kuposa kuyenda msewu umenewo usiku ndi dalaivala wotopa. Mayi ndi ana aang'ono akwere basi. Chikwama chimodzi chikhale nanu kutsogolo: mapepala, mankhwala, tochi, madzi akumwa, ndi maneti.

Miyezi yoyamba kumunsi

Maneti ndawaika m'chikwama cha kutsogolo dala. Apachikidwe usiku woyamba womwewo, ngakhale mabedi asanalumikizidwe. Pamalo okwera ndi ozizira ngati Chelinda udzudzu wa malungo suchita bwino, ndipo munthu akakhala zaka zambiri osalumidwa, kachitetezo komwe thupi linapeza ali mwana kamatha. Mbale wanu amene sanachoke pamudzi akhoza kudwala malungo n'kumapitabe kumunda. Inu malungo omwewo akhoza kukugonetsani m'chipatala, ndipo ana obadwira kumtunda ali pangozi yoposa. Wina akangotentha thupi, kumva mutu kapena kuphwanya m'mfundo, akayezetse tsiku lomwelo, osayamba ndi panado n'kumadikira. Akapatsidwa LA amwe kawiri pa tsiku masiku atatu onse, atadya, ngakhale atapeza bwino tsiku lachiwiri.

Madzi nawo ndi ena. Tinazolowera kugwada pa kamtsinje kalikonse n'kumwa ndi manja, poti mitsinje imayambira komweko, pamwamba pake palibe mudzi. Kumunsi madzi amakhala atadutsa midzi yambiri. Imwani a pa mjigo, muthire klorini kapena muwiritse. Kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Ana auzeni za likodzo asanayambe kusambira m'madzi odikha a m'bango.

Mayi a kunyumba adzadabwa ndi khitchini. Ku Chelinda nyemba zotsala madzulo timangoziika pawindo, mawa n'kutenthetsa, mkuja n'kutenthetsanso. Ku Salima poto yemweyo mukamuvundukula m'mawa mupeza pamwamba pachita thovu, fungo lowawasa likukulandirani. Phikani zokwanira kudya kamodzi. Chimanga chomwe kumtunda chinkakhala m'thumba osachiganizira, kuno anankafumbwe amachisandutsa ufa miyezi iwiri isanathe. Chithireni mankhwala kapena gulani matumba aja osalowa mpweya. Kumunda pitani kusanache, pofika 9 koloko mukhale mutaweruka, ndipo muzimwa madzi ngakhale ludzu simukulimva. Miyendo yomwe inazolowera kukwera mapiri ndi mfuti ndi chikwama musaikhazike pa khonde. Anzanga omwe anangofikira pa mpando ndi wailesi, thupi linawalemera chaka chisanathe, kenaka BP ndi shuga. Yendani m'mawa uliwonse, ngakhale anthu azikufunsani kuti mwataya chiyani.

Phokoso lidzakusowetsani tulo: mawailesi, ma kabaza a njinga zamoto, chigayo, agalu, anthu olowa pakhomo nthawi iliyonse. Pa zimenezi ndilibe mankhwala. Makutu amazolowera okha.

Pamudzi, maliro aliwonse a chaka choyamba mukapezekeko, mugone kusiwa, musonkhe. Zaka zonse zija munkangotumiza chipepeso pa foni, ena ankakumba manda a abale anu, ndipo akukumbukira. Anthu adzabweranso ndi mavuto awo poganiza kuti wopuma pa ntchito watsika ndi thumba la ndalama. Gwirizanani ndi akazi anu kuti muthandiza mpaka pati, ndipo yankho likhale limodzi kaya afunsa inu kaya afunsa iwo. Za chigayo, minibasi kapena bizinesi ya usipa zomwe adzakunyengererani, dikirani mpaka mutakolola kamodzi. Munthu wa kutchire msika saudziwa.

Amene wasamuka kwenikweni ndi mayi. Inu muli ndi anzanu a ubwana, iwo alibe ndi mmodzi yemwe. Ngati ndinu a CCAP, kalata yawo yochokera ku Sinodi ya Livingstonia ikaperekedwe Lamulungu loyamba, kuti mayi wa Umanyano alandiridwe ku Chigwirizano cha Sinodi ya Nkhoma. Kumeneko ndi komwe amapeza anzawo msanga kuposa pa mjigo. Mipingo ina ili ndi njira zake zofanana. Ndalama ya basi yopita kwawo ikhale yoikidwa padera chaka chilichonse, isamachite kupemphedwa. Ana adzasekedwa kusukulu chifukwa cha kalankhulidwe, ndipo pakatha teremu imodzi Chichewa chawo chidzaposa chanu. Musawaletse Chitumbuka m'nyumba pofuna kuti azolowere msanga. Adzachifuna kwa agogo awo.

Yunifomu munabweza, kumbukirani. Mudzaona matumba a makala akutsika pa njinga, mudzamva za nyama ya m'nkhalango ya Thuma ikugulitsidwa mobisa, ndipo magazi adzawira. Simungagwire munthu. Ngati n'zazikulu, imbirani omwe ali pa ntchito, mwakachetechete. Enanso adzakugulirani mowa kuti muwauze za njira za m'paki ndi mmene a gemu amayendera. Imwani mowa wanu.

Mtima ukafuna tchire, kumalo osungirako nyama otchedwa Kuti, kufupi ndi boma la Salima, kuli mbidzi, mukhoza kukaziona n'kubwerako tsiku lomwelo. Anzanu a kumtunda muziwaimbira kufunsa za mabanja awo, osati kufunsa ngati alambula malire a moto kapena chifukwa chiyani wakutiwakuti anamukweza. Ku Nyika kwenikweniko musabwerereko mvula yoyamba isanathe kwanu, chifukwa mukapita msanga mudzabwerako mukuyerekeza chilichonse, ndipo mayi ndi ana adzaona kuti mtima wanu sunatsike. Chaka chachiwiri pitani, makamaka mu January kapena February maluwa ataphuka, ngati mwapeza malo m'galimoto yolimba ya anzanu. Mufikire kwa mnzanu, mutanyamula usipa ndi mpunga wa kunyanja. Nyumba yanu yakale muli banja lina, musakasuzumire kuti muone ngati akusesa. Pa geti ya Thazima mukhoza kupeza mnyamata amene sanamvepo dzina lanu. Lembani m'buku la alendo, lipirani, mutenge risiti.